Mitengo yachilengedwe imadzalika

Papita zaka tikumvabe zoti mitengo yachilengedwe monga nsangu ndi mbawa siidzalidwa, imangomera yokha. Si zoona, ndipo zimafooketsa anthu obwera kudzaphunzira m'minda yosungiramo zomera.

Nkhani yagona pa njere. Ya nsangu ili ndi khungu lolimba, madzi salowa msanga. Ichekeni pang'ono ndi chowengera zikhadabo, mbali yotalikirana ndi diso (kadontho ka panjere ka mbali yomwe muzu umatulukira), muiviike m'madzi usiku umodzi, kenako mufese m'chubu. Mukacheka mozama imawola. Ya mbawa siifuna kucheka, koma muifese ikadali yatsopano chifukwa ikakhalitsa siimera.

Yesani nokha. Fesani njere za nsangu 20 zochekedwa ndi 20 zosachekedwa, muzithirira mofanana, pakatha masabata atatu muwerenge zomwe zamera. Musauze anzanu kuti mtengo wakutiwakuti sudzalika musanayese kapena kufunsa wosamalira nazale.