Dzina la Pachikuto: Mmene Amtanthauziramawu Anatitchulira Mayina Anayi

Mtanthauziramawu woyamba wa chinenero chathu sanalembedwe kuno. Analembedwa kufupi ndi Mombasa, ku Kenya, ndipo wopereka mawu anali kapolo wotchedwa Salimini, wochokera kuchigawo chapakati cha dziko lino. Mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, anakumana naye mu 1853 n'kuyamba kumufunsa mawu limodzilimodzi. Bukulo linatuluka mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndipo pachikuto anatcha chinenerocho Kiniassa. Dzinali linali la Aswahili a kugombe, amene aliyense wogwidwa cha kunyanja yathu ankangomuti Mnyasa, osafunsa kuti kwawo n'kuti.

Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, anatulutsa buku lake lalikulu, nalitcha la Chimang'anja. Sanalakwe, pakuti anthu amene ankamva mawu awo tsiku ndi tsiku anali Amang'anja a m'chigwa cha Shire ndi kumapiri ozungulira. Anzake a kunyanja, monga Robert Laws, ankalemba kuti Chinyanja, chifukwa ndi zimene ankamva kugombeko. Alexander Hetherwick atakonzanso buku la Scott mu 1929, anafufuta Chimang'anja pachikuto n'kuikapo Chinyanja. Nthawiyo amishoni anali atagwirizana kale zomasulira Baibulo limodzi loti liwerengedwe ku Nkhoma ndi ku Blantyre komwe, lomwe ndi Buku Lopatulika.

Aliyense ankalemba dzina la anthu amene anawapeza pakhomo pake, kenako dzinalo linkalowa m'mabuku a boma ngati mtundu wapawokha. Chikhalirecho ambiri mwa mayinawa ankangonena kumene munthu amakhala. Anyanja ndi okhala kunyanja kapena m'mbali mwa madzi aakulu. Achipeta ndi a m'chipeta, dziko la udzu wautali cha ku Dowa, Ntchisi ndi Dedza. Apwitikizi, amene anafika kale m'chigwa cha Zambezi, ankalemba za Amaravi, ndipo Antonio Gamitto, popita kwa Kazembe mu 1831, anasiyanitsa Amaravi ndi Achewa ngakhale chilankhulo chawo chinali chomvana.

Vuto lina lili m'mawu athu omwe. Wolemba mtanthauziramawu akafika pa mawu oti mtundu amatuluka thukuta. Timati mtundu wa Achewa, mtundu wa Amalawi, mtundu wa chimanga, mtundu wa nsalu. Mawu oti fuko nawo amatambasuka: nyimbo ya fuko ndi ya dziko lonse, koma gogo akakufunsa pfuko lako safuna kumva za dziko, akufuna adziwe ngati ndiwe Banda, Phiri, Mwale, Mbewe kapena Nkhoma. Ena amati mfunda, ena chiwongo, mawu amene anabwera ndi Angoni. Pansi pake pali mbumba, alongo ndi ana awo amene mwamuna amawayang'anira ngati nkhoswe, ndiponso bele, anthu otuluka mwa mayi mmodzi.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu akale ankadziwirana zenizeni. Mlendo akafika pamudzi, amupatsa mpando ndi madzi, funso lobwera ndi la mfunda, kuti adziwe momuthokozera ndiponso ngati angakwatire pamudzipo. Mayi akaika nsima pamphasa, mwamuna amaomba m'manja n'kuti zikomo Nabanda, kapena Naphiri, osati zikomo Mchewa. Ndipo mafuko sankalabadira malire a mitundu ya m'mabuku ija. Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, anali Phiri. Undi, amene mpando wake lero uli ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndi Phiri. Lundu wa Amang'anja ku Chikwawa nayenso ndi Phiri. Abanda ankadziwika ndi za mvula ndi nthaka, monga pa kachisi wa Makewana ku Msinja.

Kamuzu Banda ankaidziwa bwino nkhani imeneyi, ndipo anali ndi mbali yake. Ali pasukulu ku Chicago anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala imene inatuluka mu 1937 ndi dzina loti Chichewa. Kamuzu ankanena kuti Anyanja, Amang'anja ndi Achipeta ndi anthu amodzi ochokera kwa Amaravi. Zoti ndi amodzi, ofufuza mbiri ambiri amavomereza. Mkangano unali pa dzina loti liphimbe onse. Pa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party mu 1968, Chinyanja chinasanduka Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe ndi mawu. Mmang'anja wa ku Nsanje anangomva kuti chimene amalankhula chili ndi dzina la anthu a ku Kasungu, ndipo masiku amenewo sunkafunsa kawiri.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, bungwe lija linatha, ntchito yake n'kupita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba mu 1996. Akatswiri a kumeneko atatulutsa mtanthauziramawu womasulira mawu athu m'chinenero chathu chomwe mu 2000, anautcha Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Dzinalo linkagwirizana ndi la ku Zambia ndi ku Mozambique, kumene sanasiye kunena Chinyanja, ngakhale a ku Chipata amasiyanitsa Chichewa cha kumudzi ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka. Kuno ana asukulu amene ankatsegula bukulo ankaligwiritsa ntchito pa phunziro lotchedwa Chichewa, ndipo mayeso a MANEB amalembedwabe ndi dzina lomwelo.