Kolera m'nyengo ya mvula: uthenga kwa anthu okhala mu Blantyre

Mvula ikagwa yamphamvu masiku angapo, zimbudzi zokumba zimasefukira, zina zimagumuka, ndipo zonse za m'menemo zimatsika ndi madzi kukalowa m'zitsime ndi m'mitsinje ya Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula. Ku Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe nyumba zambiri zinamangidwa pamtsetse, moti chimbudzi cha wakumtunda chimapezeka pamwamba pa chitsime cha wakumunsi. Mipope ikauma, kaya mapaipi akokoloka kaya magetsi opopera madzi ku Walker's Ferry azima, anthu amathamangira ku zitsime zomwezo.

Mliri umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi chaka chomwecho, mabanja a ku Chilobwe ndi Manja anaunjikana m'makalasi kolera adakalipo.

Madzi oyera m'maso si madzi abwino. Tizilombo ta kolera sitioneka, sitinunkha. Madzi akumwa, otsukira mbale ndi otsukira masamba muziwawiritsa mpaka abwate, kapena thiranimo WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, pa mlingo umene akuuzani, n'kudikira mphindi 30. Ambiri amadana ndi fungo lake, koma fungo siligoneka munthu pa diripi. Sungani madziwo mu chigubu chotseka, ndipo musamaviikemo kapu imene mwamwera. Sambani m'manja ndi sopo pothirirana madzi, osati nonse m'beseni limodzi. Chimbudzi cha mwana wakhanda nacho chimafalitsa kolera; katayeni m'chimbudzi, osati kudzala kapena m'ngalande.

Matendawa amaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa kapena kudya zoipitsidwa. Amatsegula m'mimba zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, nthawi zambiri m'mimba mosapweteka n'komwe, amasanza, maso amalowa m'kati, minofu ya m'miyendo imakokana, mkodzo umasiya kubwera. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo wamkulu wamphamvu zake angathe kumwalira tsiku lomwelo.

Choncho musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwapita kugolosale kukagula Flagyl kapena mankhwala oimitsa m'mimba. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Musawonjezere mchere poganiza kuti zigwira msanga, kwa mwana n'zoopsa. Wodwala azimwa pang'onopang'ono osalekeza. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Wakhanda apitirize kuyamwa. Zonsezi muzichita muli pa ulendo wa kuchipatala, botolo lili m'manja, kaya mwakwera minibasi kaya kabaza. Zipatala za Limbe, Ndirande, Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni ndi za boma ndipo chithandizo chake n'chaulere. Mukafika nenani pakhomo pomwepo kuti mukukayikira kolera, musakhale pamzere.

Nkhani ya maliro ndi yowawa, koma tiyenera kuinena. Thupi la womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tambiri. Adzukulu ndi achibale asalisambitse. Azaumoyo ndiwo amalikonza ndi klorini, ndipo mwambo umachitika mwachangu popanda kuphika nsima ya gulu. Amfumu, akuluakulu a mpingo ndi a komiti ya m'dera athandize anamfedwa kumvetsa zimenezi, ndipo adziwitse alangizi a zaumoyo kuti abwere kudzapopera nyumba, chimbudzi ndi zofunda za malemu.

Amene ali ndi funso angaimbe ku Chipatala Cha Pa Foni pa 929.