Kodi amayi oyembekezera aleke kudya nsomba poopa mercury?

Uthenga ukuyenda pa WhatsApp muno mu Lusaka woti nsomba zonse zili ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni), choncho mayi woyembekezera asayandikire ngakhale kapenta wa pa msika wa Soweto. Langizo limeneli ndi lolakwika, ndipo lingamanitse mwana zakudya zomanga ubongo.

Mercury akalowa m'madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa methylmercury, mtundu wa mercury wopezeka mu nsomba. Nsomba yaing'ono imamutenga pang'ono, yaikulu ikadya zing'onozing'ono zambiri amaunjikana m'thupi mwake chaka ndi chaka. N'chifukwa chake zoopsa ndi zilombo zikuluzikulu za m'nyanja zamchere zokhala zaka zambiri, monga shark, swordfish ndi bigeye tuna. Kapenta wa ku Siavonga kapena Mpulungu ndi wamng'ono ndipo sakhalitsa moyo. Bream nayenso ali m'gulu la nsomba za mercury wochepa. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, limalangiza oyembekezera kudya nsomba zotere kawiri kapena katatu pa sabata, pafupifupi magalamu 225 mpaka 340 onse pamodzi.

Ena amati kukazinga kumachotsa mercury. Ayi ndithu. Amamatirira ku mnofu weniweniwo, kotero kutsuka, kuyanika kapena kuphika sikumuchotsa.

Za selenium, mchere wina umene thupi limafuna pang'ono chabe, nazo tisamale. Alipodi mu nsomba ndipo amagwirana ndi mercury, koma musamuyese mankhwala, ndipo mapiritsi ake mukamwa mopitirira muyeso amathothola tsitsi ndi kuwononga zikhadabo.

Pofunika kufunsa wogulitsa ndi pa nsomba zogwidwa kufupi ndi kumene anthu amatsukira golide ndi mercury.