Mitsempha imene sidikira lamulo lanu

Palibe amene amauza mtima wake kuti ugunde, kapena m'mimba kuti mugaye nsima ya masana. Ntchito zimenezi zimayendetsedwa ndi mitsempha yonyamula mauthenga imene imagwira yokha, mwini thupi ali maso kapena ali m'tulo. Wasayansi John Langley wa ku yunivesite ya Cambridge anaitcha autonomic nervous system mu 1898.

Ili ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu. Ya sympathetic imatulukira mumsana, ndipo ndi imene imadzuka galu akakulumphirani mumdima: mtima kuthamanga, kukhosi kuuma gwa, thukuta kamukamu. Ya parasympathetic imachita zosiyana. Mtsempha wake waukulu, vagus, umachokera kunsi kwa ubongo, kudutsa m'khosi ndi pachifuwa mpaka m'matumbo. Umadekhetsa mtima ndi kuyendetsa chakudya m'mimba.

Mtima ukasiyidwa pawokha umagunda pafupifupi ka 100 pa mphindi. Chimene chimautsitsa kufika pakati pa 60 ndi 80 mukakhala phee ndi vagus, amene phazi lake silichoka pa buleki. N'chifukwa chake munthu woikidwa mtima wa wina, opaleshoni imene Christiaan Barnard anayamba ku Cape Town mu 1967, mtima wake umagunda mofulumira ngakhale akupuma, poti mitsemphayo inadulidwa.

Ntchito ya mitsemphayi imaonekera bwino munthu akaimirira. Mukadzuka pamkeka, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira kumiyendo ndi m'mimba. M'khosi ndiponso pa mtsempha waukulu wa magazi wotuluka mumtima muli timalo tomva kutsika kwa BP. Uthenga ukafika kuubongo, m'masekondi ochepa mtima wafulumira, mitsempha ya magazi yafinyika, inu osadziwa kanthu.

Nthawi zina dongosololi limasokonekera. Mwana waima nthawi yaitali padzuwa pa asembule, sanadye phala, madzi sanamwe. Mwadzidzidzi vagus akoka mtima pansi, mitsempha ya magazi n'kutakasuka, ubongo n'kuperewedwa magazi. Amayamba ndi chizungulire, nseru, thukuta lozizira, mdima m'maso, kenako khu! pansi. Kugwako ndi kumene kumamuthandiza, chifukwa mutu ukalingana ndi mtima magazi amabwerera, ndipo kawirikawiri amatsitsimuka mphindi isanathe kapena kupitirira pang'ono.

Apa anthu okoma mtima amalakwitsa. Amamudzutsa n'kumukhazika pampando, ena kumuthira madzi m'kamwa asanatsitsimuke, zimene zingamutsamwitse. Mugonekeni pamthunzi, mukweze miyendo, mumasule zomuthina, madzi amwe akayamba kuyankhula. Kugwedezeka kawiri katatu sikutanthauza kuti ndi khunyu. Koma wokomoka akuthamanga, wokomoka ali chigonere, womva kupweteka pachifuwa, kapena wochedwa kutsitsimuka, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa vuto likhoza kukhala mumtima mwenimwenimo.

Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi odwala matenda a shuga a zaka zambiri. Shuga wokwera amawononga mitsemphayi pang'onopang'ono. Munthu amachita chizungulire akaimirira, amakhuta atangodya pang'ono, mkodzo sutuluka wonse, ndipo abambo mphamvu za m'banja zimachepa. Nkhani yomalizayi ambiri amaibisa kwa dokotala n'kukagula mankhwala a pamsika, pamene ikanatithandiza ife achipatala kudziwa msanga kuti mitsempha yayamba kuwonongeka. Choopsa n'chakuti kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene kumachenjeza munthu kuti shuga watsika kumatha kuzimiririka, ndiye amangogwa popanda chizindikiro.

Mphamvu ya mitsemphayi timaionanso kwa omwa tameki kapena mankhwala ena ophera tizilombo m'munda. Poizoniyu amalepheretsa thupi kuchotsa acetylcholine, mankhwala a m'thupi amene vagus amatumizira uthenga, ndiye uthengawo suleka. Dovu limachucha, kamwana ka diso kamachepa, kugunda kwa mtima kumatsika, m'chifuwa mumadzaza madzi. Kuchipatala timabaya mankhwala otchedwa atropine mobwerezabwereza mpaka chifuwa chiume. Munthu akamwa poizoniyu, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Mugonekeni chammbali, mumuvule zovala ngati zanyowa ndi mankhwalawo, ndipo pothamangira naye kuchipatala mutenge botolo kapena pepala lake.