Chokoleti Si Nthawi Zonse Imautsa Mutu Waching'alang'ala

Anthu ambiri odwala mutu waching'alang'ala akhala akukhulupirira kuti chokoleti kapena zakudya zotsekemera ndi zimene zimawadwalitsa, chifukwa mutuwo umayamba kuwawa atangodya zimenezi. Komatu nthawi zambiri matendawa amakhala atayamba kale muubongo maola angapo, mwinanso masiku 2, ululu usanamveke, ndipo kulakalaka zotsekemera, kuyasamula pafupipafupi ndi kutopa kwambiri zimakhala zizindikiro zake zoyambirira, osati zoyambitsa. Zinthu zodziwika bwino kuti zimautsa mutuwu ndi kusagona mokwanira, kudumphitsa chakudya, nkhawa, ndiponso kutsika kwa mahomoni akazi akamayandikira kusamba. M'malo mosala zakudya mwachisawawa, ndi bwino kulemba m'kabuku tsiku lililonse nthawi yogona, yodya ndi yodwala, kenako kukaonetsa dokotala.