Kuteteza ana ndi amayi m'misasa ya othawa nkhondo

Anthu akathawa nkhondo n'kukaunjikana pamsasa, ana ambiri amafa ndi kutsegula m'mimba, chikuku, chibayo ndi kunyentchera. Masabata oyambirira ndiwo oopsa kwambiri, poti zimbudzi zimakhala zisanakumbidwe, madzi ndi ochepa, ana nawonso afika atafooka ndi njala ya m'njira.

Munthu mmodzi amafunika malita osachepera 15 patsiku akumwa, kuphikira ndi kusamba. Madzi mukathira kolorini, dikirani mphindi 30 musanamwe. Kawirikawiri madzi amaipira m'tenti momwemo, kapu ndi zala zikamaviikidwa mu ndowa, choncho asungeni m'chigubu chotseka. Chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, ndipo chitalikire chitsime ndi mamita 30.

Mwana akayamba kutsegula, sungunulani paketi imodzi ya ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mukachepetsa madzi mchere umakula, mwana amadwalirako. Mmwetseni pang'onopang'ono, akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Otsala atayeni pakatha maola 24. Mankhwala a zinki amwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegula kwasiya. Maso akalowa, akalephera kumwa kapena akamachita chimbudzi cha magazi, thamangirani kwa azaumoyo.

Nkhani imene imatidetsa nkhawa kwambiri ndi ya mkaka. Amayi ambiri amakhulupirira kuti mantha aumitsa mawere, n'kuyamba mkaka wa m'chitini wogawidwa ngati thandizo. Mantha amangochedwetsa mkaka kutuluka, saumaliza. Mwana akamayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, mkaka umabwerera. Mkaka wa m'chitini wosungunulidwa ndi madzi oipa, m'botolo losatsuka bwino, umapha makanda. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, ngakhale madzi osampatsa, ndipo mayiyo apatsidwe chakudya ndi madzi owonjezera.

Katemera wa chikuku pamsasa amayambira miyezi 6. Wobayidwa asanakwane miyezi 9 adzabayidwenso. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 amene mkono wake sukukwana masentimita 11.5 pa lamba woyezera, kapena watupa mapazi onse awiri, akufunika chithandizo tsiku lomwelo.

Mayi kapena mtsikana wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Oteteza kutenga mimba amagwira ntchito mpaka masiku 5. Si mlandu wake, ndipo azaumoyo ayenera kumusungira chinsinsi. Pofuna kupewa nkhanza zotere, zimbudzi za amayi zikhale ndi nyali komanso zotsekera m'kati.

Mwana wopezeka yekha akalembetsedwe msanga kwa oyang'anira msasa kapena a Red Cross, asanamuvule zovala zimene wafika nazo, chifukwa achibale amamuzindikira ndi zimenezo.