Wafika pakhomo, koma tulo sanabwere nato

Mayi wina wa cha ku Santhe anabwera kudzandiona ku chipinda cha uphungu kuno ku Kasungu, amuna awo atangotha masiku asanu ali pakhomo. Bambowo ndi msilikali, ndipo anali pa tchuthi kuchokera ku ntchito yosungitsa mtendere ku DRC. Mayiwo anali atakonzeka ndithu: nkhuku inaphedwa, ana anametedwa, chitenje chatsopano chinatuluka mu sutukesi. Koma usiku woyamba mvula itayamba kuwomba pamalata, bingu n'kugunda, bambowo anadzambatuka pabedi, n'kukakhala pakhonde mpaka mbandakucha atavala nsapato.

"Aphungu, ndiuzeni zoona," anatero mayiwo. "Kapena ali ndi wina kumeneko? Ndikamawalankhula amangoyang'ana kukhomo."

Ndinawauza kuti zimene afotokozazo ndazimvapo m'nyumba zambiri, ndipo kawirikawiri gwero lake sakhala mkazi wina.

Tikumbuke kumene anthuwa amachokera. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi akhala m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa DRC, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, ndipo gululi linapatsidwa mphamvu yothamangitsa zigawenga, osati kulondera kokha. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma. Amene amabwerera amoyo ndi anthu oti anadyera mbale imodzi ndi anzawo ngati amenewa.

Munthu akakhala miyezi yambiri pamalo poti kuthyoka kwa kamtengo kungatanthauze imfa, thupi limaphunzira kusagona tulo tofa nato. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ili ngati ya galu wolondera pakhomo. Kakangomva choopsa kamachititsa thupi kutulutsa adrenaline: mtima umagunda msanga, minofu imakungika, maso amakhala tcheru. M'nkhalango za ku Beni zimenezi zimapulumutsa moyo. Tsoka lake, galuyu sadziwa kuti basi yafika pa Kasungu. Njinga yamoto ya kabaza ikaphulika pamsewu, mwana akamenyetsa chitseko, anyamata akaphulitsa makombola pa Khirisimasi, iye amauwa chimodzimodzi. Kuti afatse pamafunika masabata angapo a bata, pomwe tchuthi chimatha asanafatse n'komwe. Komanso msilikali amene akudziwa kuti abwereranso safuna kumasuka kwathunthu. N'chifukwa chake amakhala moyang'ana kukhomo, kutchalitchi amasankha mpando wakumbuyo, ndipo mumsika wodzaza anthu satenga nthawi.

Apa ndi pomwe ife achibale timalakwitsa, mwina chifukwa cha chikondi, mwina chifukwa cha mavuto athu. Mbiri ikangomveka kuti wafika, atsibweni alawirira ndi nkhani ya feteleza wa fodya, achemwali abwera ndi kalata ya fizi, alamu akufuna mpamba wa geni. Kumudzi akumudikira kuti akapepese maliro atatu amene anachitika iye kulibe, ndiponso chiliza cha agogo sichinamangidwe. Aliyense mumtima akuwerengera madola. Kuthandiza abale ndi khalidwe lathu, ndipo sindikulitsutsa. Chimene chimandiwawa n'kuona munthu akubwerera ku ntchito yoopsa chonchi ali wotopa kuposa mmene anabwerera, thumba lili pululu, ana ake asanakhale naye ngakhale tsiku limodzi lathunthu. Masiku awiri kapena atatu oyamba musiyireni iye ndi a m'nyumba mwake. Za ndalama ayambe wakambirana ndi mkazi wake, kenako abale apatsidwe tsiku lawo limodzi.

Ndipo funso lija loti "wapha angati?", limene anyamata amakonda kufunsa pa bawo, lisiyeni. Akafuna kufotokoza adzayamba yekha, mwina muli kumunda, mwina pakati pa usiku. Zikatero ingomverani, osamudula, osathamangira kunena kuti "iwalani zimenezo".

M'nyumba namo muli zake. Miyezi yonseyi mayi ndiye wakhala akulamula: wagula mbewu, walemba aganyu, walanga ana. Bambo akafika n'kuyamba kusintha zonse tsiku lomwelo ngati ali pa perete, mkangano suchedwa. Asilikali ndimawauza kuti ayambe afunsa kuti, "Amayi ake, pano zikuyenda bwanji?" asanakonze chilichonse. Mwana wa zaka ziwiri akathawa n'kubisala kuseri kwa chitenje cha amake, si mwano, ndiponso palibe amene wamuphunzitsa. Mwana wamsinkhu umenewo sasunga nkhope ya munthu kwa miyezi yambiri. Khalani pansi pamphasa, mumusiye abwere yekha. Asilikali aakazi zimenezi zimawapweteka kwambiri, poti mwana amene anamuyamwitsa akulirira azakhali kapena agogo.

Mowa ndiwo msampha waukulu. Anzake amamugulira, naye amaona ngati umamugonetsa. Zoona umagwetsa munthu msanga, koma umaswa tulo ta m'bandakucha, maloto oipa n'kuwonjezeka, mkwiyo nawo n'kufupika. Pa za thupi, akatentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo awauze achipatala kumene wachokera. Banja lomwe lakhala motalikirana nthawi yaitali likayezetse HIV limodzi, popanda kulozana zala.

Kudzidzimuka ndi kusowa tulo m'masiku oyamba si matenda. Koma ngati papita mwezi woposa umodzi chichitikire choopsacho, munthu akulotabe zomwezo, akuona ngati zikuchitikanso masana, akupewa anthu, akulephera kusangalala ndi chilichonse, pamenepo timaganizira matenda amene achipatala amawatcha PTSD, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Akayamba kumenya, kapena kulankhula zofuna kudzipha, musadikire mwezi kapena kuyamba mwaitana ankhoswe. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pa chipatala cha boma cha Kasungu funsani anamwino oona za matenda a maganizo. Kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo kubalaki kuli achipatala ndi abusa a asilikali. Ambiri amaopa kuti akaulula anzawo aziwayesa ofooka, choncho zimathandiza mkazi kapena mbale amene amamukhulupirira akamuperekeza.

Masiku otsiriza a tchuthi ali ndi vuto lawolawo. Munthu amayamba kuzizira, kuyankha mwachidule, kukangana pa nkhani ya mchere m'ndiwo. Mtima umakhala ukudzikonzekeretsa kusiyana, ndiye umayamba kutalikira thupi lisananyamuke. Mayi a ku Santhe aja ndinawachenjezeratu za izi. Atabweranso patapita milungu iwiri anandiuza kuti usiku womaliza bambowo anatulukanso kukakhala pakhonde. Ulendo uno iwo sanafunse kanthu. Anawiritsa tiyi, anatenga mpando wina, n'kukakhala nawo mpaka tambala woyamba. Cha m'ma 4 koloko bambowo anatchula dzina la mnzawo wina amene ankagona naye tenti imodzi, n'kuyamba kufotokoza.